Gitala Imene a Muyaya Anailimbitsa

A Muyaya anagwira ukalipentala zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe chinthu chawo chimene chinabwererako chitathyoka. Dzinalo si la makolo ayi, linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukagula tebulo pashedi yawo, asanakupatse ankayamba alikwera ndi nsapato zomwe, n'kudumphapo kawiri, n'kutsika, kenako n'kunena kuti, "Ili ndi la muyaya." Sankaseka ponena zimenezi. Mpando wawo unkafuna anthu awiri ounyamula. Mabedi awo ankalowa m'nyumba kamodzi kokha, eni ake akamasamuka ankangowasiya momwemo.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, pensulo ili kukhutu ngakhale pamaliro. Mawu awo anali ochita kuwerenga. Mowa, mpira ndi ndale analibe nazo ntchito, koma panali chinthu chimodzi chimene ankadana nacho ndi mtima wawo wonse: thabwa lopyapyala. Akaona kabati ya m'sitolo, ija imagwedera ukangotsegula chitseko, ankaigogoda ndi chala n'kutuluka m'sitolomo ngati wina wawatukwana.

Mng'ono wawo anali munthu wina ndithu, mwakuti ukawaona limodzi unkakayika ngati anayamwa bere limodzi. Anali kondakitala wa basi, ndipo anzake anamupatsa dzina lakuti Hutala chifukwa basi yake sinkasowa kuliza hutala iye ali pakhomo. Ankalankhula akudya, ankalankhula akusamba, akaweruka n'kutenga gitala yake kumayimba pakhonde. Lamlungu lililonse masana a Muyaya ankapita kumeneko, n'kukhala pampando umene anapanga okha, Hutala n'kulankhula mpaka dzuwa kupendeka. Iwo ankati "eya" katatu kapena kanayi, n'kubwerera kwawo atakhuta macheza.

Kenako Hutala anayamba kusasa mawu. Anati ndi fumbi la kudepoti, anamwa madzi otentha a mandimu miyezi inayi, mpaka mkazi wake, yemwe anali telala, anamukokera kuchipatala. Chinali chotupa pakhosi. Madokotala anachichotsa, moyo anaupulumutsa, koma mawu anapita nacho limodzi. Hutala anabwera kunyumba ali ndi kabowo kopumira m'munsi mwa khosi, mkazi wake n'kumusokera tinsalu tophimbapo, tamitundu yogwirizana ndi malaya. Ankayenda ndi kope ndi bolopeni, koma munthu wozolowera kulankhula sangakwane m'kope. Pamene ankamaliza kulemba nthabwala, anthu anali atayamba kale nkhani ina.

Chinatsala ndi gitala. Ankaiyamba m'mawa, mkazi wake akupalasa makina pakhonde, ndipo ankavomera nayo, kukana nayo, ngakhale kunyoza nayo alendo. Macheza a Lamlungu anapitirira. A Muyaya ankati "eya" m'malo omwe aja.

Tsoka silinunkha. Azakhali awo, munthu wathupi ndithu, anabwera kudzazonda wodwala, ndipo analowa m'nyumba akupemphera atatsinzina. Gitala inali pasofa. Pemphero analimaliza atakhala kale.

A Muyaya atamva kuti gitala yaphwanyika anafika tsiku lomwelo ndi thumba. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya iyi inali ya matabwa, ntchito yawo yeniyeni. Chipatala chinawalepheretsa kuchita kanthu, anangokhala pabenchi masiku asanu ndi anayi manja ali pamaondo. Apa ndiye panali poti agwire.

"Usadandaule iwe," anatero. "Ndikukonzera."

Kushedi anakanganula thabwa la pamwamba lophwanyikalo, lija limakhala ndi bowo pakati, n'kuliyang'ana. Abale inu, mtima unawapsa. Thabwalo linali la mtengo wofewa, lopyapyala ngati bisiketi. Kunsi kwake kunali timitengo tomata ngati nthiti, ndipo tinali tosemedwa pakati, tochepa kuposa chala chakaniso.

"Akuba!" anatero, ali okha. "Ndiye mwati isathyoke bwanji?"

Anatenga chidutswa cha mtengo wolimba chotsala pa chitseko cha kampani ina, n'kuchipala mpaka kukhuthala kwake kufanana ndi chala chamanthu. Nthiti anaika zowongoka, zodzadza, zisanu ndi zitatu. Kathabwa komangirira nsambo anakamanga ndi mabawuti awiri, chifukwa guluu yekha sankamukhulupirira. Bowo analichepetsa, poti bowo ndi pamene chinthu chimayambira kufooka, komanso mphemvu zimalowera pomwepo. Vanishi anapaka kasanu, uku akusalaza ndi sandipepa, mpaka nkhope yawo inkaoneka pamenepo. Kuikwera ndi nsapato anaona kuti n'kuonjeza. Anangoikhalira, n'kunyamula miyendo. Gitalayo sinachite ngakhale kulira, ndipo iwo anakondwa nazo zimenezo.

Lamlungu anaipereka. Hutala anailandira ndi dzanja limodzi, n'kuthamangitsa linalo msanga. Anaisisita, anamanga nsambo, anatchuna, n'kukhwacha kamodzi. Mawu anatuluka ndithu, sitinganame, koma anali ngati munthu akuyimba atafunda bulangete kuchipinda cha anthu ena. Nsambo iliyonse inkangoti ndu, n'kufa pomwepo. Mkazi wake atapalasa makina, gitalayo inasowa. Hutala anayesanso nyimbo ina, anailekeza pakati, n'kutenga kope.

"Zikomo achimwene. Ndi yokongola."

Anaipachika pamsomali, msomaliwo n'kupindika. Lamlungu lotsatira a Muyaya anabwera ndi msomali waukulu n'kuukhoma bwinobwino.

Ine zimene zimandipsetsa mtima ndi zakuti munthuyu sanaone kanthu. Masabata atatu anakhala pampando wawo uja, nyumba ili zii, iwo n'kumaganiza kuti mng'ono wawo akuisunga gitalayo poopa kuidetsa. Lamlungu lachitatu Hutala sanatuluke n'komwe kuchipinda. A Muyaya anakhala maola awiri akuyang'ana vanishi wawo pakhoma, n'kutsanzika.

Lolemba m'mawa mlamu wawo anafika pashedi, tepi yoyezera ili m'khosi, kusonyeza kuti anangonyamuka pamakina. Moni anapereka, koma mpando anaukana.

"Alamu, ndabwera kudzakuuzani kuti gitala ija mwaipha."

"Yathyoka?"

"Ikanathyoka bwenzi zili bwino. Siyikulira."

"Nsambo zake mwina n'zakale."

"Nsambo n'zatsopano, ndinagula ndine. Alamu, mng'ono wanu sakudya. Amadzuka, amasamba, n'kugonanso atayang'ana kukhoma. M'kope muja sabata yathunthu walembamo mawu awiri, 'madzi' ndi 'ayi'. Madokotala anamuchotsa mawu, ine sindinawadandaule, anatiuziratu. Koma inu simunatiuze."

A Muyaya anafuna kunena kuti mtengowo ndi wa chitseko, kuti vanishi ndi kasanu.

"Iye sangakuuzeni, amakuopani ngati bambo ake," anapitiriza mlamuyo. "Ine ndine wobwera, ndilibe manyazi. Ine diresi laukwati sindisoka ndi nsalu ya matenti, ngakhale ili yolimba."

Anatembenuka n'kumapita. A Muyaya anaima pomwepo puleni yopalira matabwa ili m'manja. Zinawapweteka kwambiri, ndipo chinawapweteka koposa n'chakuti sankadziwa chimene alakwitsa.

Pafupi ndi shedi yawo panali kakhumbi ka mkulu wina wokonza mawailesi. Anayandikana zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zokambirana zawo zinali moni ndi za utuchi umene unkalowa m'mawailesi. Masana a tsiku limenelo a Muyaya anapita kukatenga gitala ija, n'kukaiika patebulo la mkuluyo. Kufunsa kunawavuta, moti anangoti, "Akuti siyikulira."

Mkuluyo anainyamula, anabuula pang'ono, n'kuigogoda.

"Ili ndi bokosi labwino, aneba. Mukufuna kusungiramo chiyani?"

Mkuluyo anasolola sipika yakale m'katoni, n'kuwapatsa.

"Gwirani apa. Ndi chiyani ichi?"

"Pepala."

"Pepala. Wailesi yonse, mawaya onsewa, mabatire, zonse zimagwirira ntchito kapepala kameneka kuti kanjenjemere. Kakanjenjemera kamakankha mpweya, inu n'kumva nkhani. Ndikachotsa pepala n'kuikapo thabwa lanu, wailesi ikhala zaka zana. Koma muzikamvera nkhani kwa aneba."

"Nanga si nsambo zimene zimalira?"

"Nsambo ndi kawaya chabe. Mangani waya pakati pa mitengo iwiri muukhwache, muone ngati angamve munthu. Nsambo imagwedeza kathabwa aka, kathabwa n'kugwedeza chifuwa chonsechi, chifuwa n'kupopa mpweya wa m'mimbamu, mpweya n'kumapumira pabowo. Inu chifuwa mwachiumitsa, kathabwa mwakalemetsa ndi zitsulo, bowo mwalitseka pakamwa, kenako mwathira vanishi kuti pasatsale chogwedera. Mwagwira ntchito, aneba, palibe chimene mwaiwala."

Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. A Muyaya anali atamangapo makomo mazanamazana, choncho mwambiwo sankauwerengera. Tsiku limenelo anabwerera kushedi mwakachetechete n'kuyamba kufukula mulu wa zidutswa, kufuna thabwa lophwanyika lija. Theka lake akazi awo anali atawiritsira kale madzi osamba. Theka lotsalalo analiyeza: mamilimita osakwana atatu. Analigwira pakona ndi zala ziwiri, monga anawauzira mkulu wa mawailesi, n'kuligogoda pafupi ndi khutu. Ngakhale linali long'aluka, linayankha. Anagogoda lawo lija, n'kumva chitseko.

Anayang'ananso nthiti zosemedwa zija. Anaona tsopano kuti mpeni unadutsa mosamala, kusiya mtengo wochindikala pamene nsambo zimakoka, n'kuchepetsa pamene payenera kuvina. Amene anasema pamenepo sanali wakuba, anali mmisiri, mwina woposa iwo. Anachita manyazi ngakhale panalibe wowaona.

Mtengo anaupeza m'kabati yakale imene munthu wina anaitaya kuseri kwa shedi: mashelefu a paini, ouma gwa, opepuka, mizere yake yowongoka ndi yothithikana. Kale akanawasandutsa nkhuni. Anawacheka, n'kulumikiza awiriawiri, n'kuyamba kupala.

Vuto linali manja. Manja amene aphunzira chinthu chimodzi zaka makumi atatu ndi zinayi samva za mwini wake. Puleni ikafika pa mamilimita asanu ndi limodzi, mkono unkangoima wokha. Iwo ankapita panja, n'kumwa madzi, n'kubwerera, n'kuchotsako pang'ono ngati akuba. Thabwa loyamba analisiya pa asanu, n'kupita nalo kwa aneba.

"Chitseko cha bafa," anatero mkuluyo atagogoda. "Palani."

Analipala ndi mkwiyo, puleni inakumba, thabwalo n'kung'aluka kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Chinali chinthu choyamba kuthyoka m'manja mwawo chiyambire ntchito. Anakhala pansi pa utuchi kwa kanthawi. Akazi awo atabweretsa chakudya anawafunsa ngati akudwala, iwo anati ayi, akuganiza.

Lachiwiri linafika bwino pa atatu, koma linasweka pocheka bowo. Matebulo a anthu anaima. Mayi wina amene ankadikira kabati anabwera kawiri, kachitatu anabwera ndi amuna ake, n'kupeza a Muyaya atagwira kathabwa kukhutu, akukagogoda ngati akudikira kuti wina atsegule. Nkhani inayenda m'misewu kuti a Muyaya mutu wayamba kusokonekera. Iwo analibe nthawi yoyankha, chifukwa mlamu wawo ankadutsa pashedi masiku awiri alionse, osalowa, kungoima pakhomo n'kunena kuti, "Dzulo wamwa tiyi yekha," n'kumapita.

Lachitatu analipala masiku anayi. Pomaliza anasiya puleni n'kumapala ndi kachitsulo, kenako sandipepa, m'mphepete n'kupyapyalitsa kuposa pakati. Ataliika padzuwa, kuwala kunkaonekera mofiirira, ndipo mthunzi wa zala zawo unkaoneka kuseri. Linkapindika akaligwira. Anamata nthiti zopingasa, n'kumazisema ndi tchizulo pang'onopang'ono, akasema n'kugogoda, akasema n'kugogoda. Mawu a thabwalo ankatsika ndi kutalika pa kusema kulikonse, ndipo zimenezi zinawaopsa, chifukwa sankadziwa polekezera. Pamene linkalira bwino koposa ndi pamene linkayandikira kuthyoka.

"Ndilekere pati?" anafunsa aneba.

"Ine ndimakonza mawailesi," anatero mkuluyo. "Koma nkhope yanu ikundiuza kuti mwafika."

Bowo analibwezera kukula kwake. Kathabwa ka nsambo anakasema kopepuka, n'kukamata ndi guluu yekha, mabawuti n'kuwaponya m'chitini. Vanishi anapaka kawiri kokha, wosungunula, ndi kansalu. Gitalayo inatuluka yotuwa, yosawala, ndipo atainyamula anayang'ana m'manja kuti aone ngati ilimo. Mkulu wa mawailesi, poganiza kuti akuwathandiza, anawauza kuti nsambo zisanu ndi imodzi zikamangidwa zimakoka kuposa thumba la simenti, usana ndi usiku, osapumira. A Muyaya anamuthokoza chifukwa cha uthengawo, n'kulephera kudya.

Lamlungu sanalidikire. Lachiwiri dzuwa lili paliwombo anatseka shedi, chinthu chimene sanachitepo pakati pa sabata, n'kuyenda wapansi gitala ili m'manja awiri, poopa kuti panjinga ingagundike. Mlamu wawo anaimitsa makina, anayang'ana gitala, anayang'ana iwo, n'kuloza kuchipinda ndi mutu.

Hutala anali atagona chammbali. Anali ataonda, malaya akulendewera, ndevu zosameta. A Muyaya anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Iwe, dzuka. Ndinalakwitsa ine."

Hutala anatembenuka, chifukwa mawu amenewo anali asanawamvepo kwa achimwene ake chibadwire. Analandira gitalayo atakonzeka kunyamula katundu, manja n'kukwera okha m'mwamba. Anaigogoda ndi chala. Anakhala tsonga, n'kuloza padirowa pamene panali nsambo.

Anatuluka onse pakhonde. Hutala anamanga nsambo imodzi imodzi n'kuyamba kupotokola. Pa nsambo yachinayi thabwa linalira kuti tswi, ndipo a Muyaya anaona ndi maso awo a ukalipentala chifuwa chikutukuka pang'ono kuseri kwa kathabwa. Pa yachisanu linaliranso. Dzanja lawo linapita lokha kukagwira la mng'ono wawo.

"Pakwana, iwe. Ithyoka."

Hutala anawamenya padzanjapo, phaa, ngati mwana wofuna kutola nyama m'mbale ya alendo. Anapotokola mpaka nsambo inafika pamene iye ankafuna, n'kumaliza yachisanu ndi chimodzi. Kenako anakhwacha zonse pamodzi.

Mawuwo anadzadza khonde, anatuluka pageti. Nsambo zazikulu zinkamveka m'chifuwa mwa munthu, zing'onozing'ono zili ngwee pamwamba, ndipo atachotsa dzanja gitalayo inapitiriza kulira yokha. Kunena zoona sinali ngati yakale. Inali ndi kaukali kena, ndipo nsambo imodzi inkanzenzera pang'ono kumunsi kwa khosi. Hutala anapendeka mutu, anaimvetsera, anakwinya mphuno kwa achimwene ake posonyeza nsamboyo, n'kuyamba nyimbo. Anayamba mofatsa, zala zitauma chifukwa chokhala, kenako phazi linayamba kuponda, kansalu kapakhosi kakukupiza. Nyimbo yachiwiri anaimenya ngati akuitanira basi. Mkazi wake anapalasa makina dala, mwamphamvu, ndipo makinawo ndiwo anasowa.

A Muyaya nyimbo sankazimva bwino. Maso awo anali pa thabwa, akudikira mng'alu. Anakhala chomwecho, manja atakumbatira maondo, mtima uli m'mwamba, mpaka nyimbo yachinayi.

Pamenepo mutu wa mayi wina unatulukira pamwamba pa mpanda, mpango uli pambali, nkhope ili gwaa.

"Inu a kunoko! Kodi simungachepetseko phokosolo? Mwana ndangomugoneka kumene, wadzuka! Anthufe tizikhala bwanji?"

Hutala anaika chikhatho pa nsambo. Panali patapita chaka ndi miyezi iwiri chibwerereni kuchipatala, ndipo pa nthawi yonseyo palibe munthu amene anadandaulapo za phokoso la nyumba imeneyo.

Mkazi wa Hutala anaimirira, anakonza tepi yake m'khosi, n'kupita kumpanda mwaulemu wake wonse.

"Pepani kwambiri, amayi. Bambo akunowa ndi aphokoso, ndinakwatiwa nawo ali choncho. Ndiwalankhula."

Anabwerera pakhonde misozi ikutsika, osaipukuta, n'kukhala pamakina. Anayang'ana mwamuna wake.

"Mwamva, bambo? Akuti mukusokosa."

Mapewa a Hutala anayamba kugwedezeka. Ankaseka, kuseka kopanda mawu, mpweya ukungotuluka pakansalu, misozi ili mbwee. Kenako anayang'ana achimwene ake, dzanja lili m'mwamba pa nsambo, ngati akufunsa.

A Muyaya anayang'ana thabwa lija, lotukuka, lopyapyala, losalonjeza kanthu.

"Menya," anatero. "Ikathyoka ndipala lina."